Kamera ya m'galimoto ya maso awiri: imathandiza chiyani apolisi akakuimitsani mu Lusaka?

M'mashopu a mafoni ku Kamwala ndi m'Town Centre mwadzaza makamera a m'galimoto, aja amati dashcam. Ogulitsa amawatsatsa ngati mboni ya ngozi, koma madalaivala ambiri a Yango, a mateksi ndi a minibasi amawagula ali ndi china m'mutu. Amafuna kuti zimene zanenedwa pazenera apolisi atawaimitsa zisadzakhale nkhani ya pakamwa chabe, yoti wina n'kudzaikana mawa. Pano tikuyeza makamerawa pa ntchito imeneyo yokha. Ya maso awiri, lina loyang'ana kutsogolo lina loyang'ana m'kati, ndi yoyenera ndalama zake. Koma mukangoichotsa m'bokosi n'kuilumikiza ku soketi ya laita monga amachitira ambiri, imazima pa nthawi yeniyeni imene mukuifuna.

Tiyambe ndi pamene wapolisi amaima. Kuno timayenda kumanzere kwa msewu, ndipo magalimoto athu ambiri, ochokera ku Japan, chiwongolero chili kumanja. Wapolisi akakuimikani pa Great East Road kapena pa Kafue Road, diso lakutsogolo limamuona akubwera, kenako amatuluka m'chithunzi n'kukaima pazenera la dalaivala. Kuchokera pamenepo kamera ikungojambula phula ndi mabampa a anzanu. N'chifukwa chake kamera ya diso limodzi sitikuiwerengera pa ntchitoyi, ngakhale pabokosi alembepo 4K ndi zilembo zagolide. Ambiri mwa makamera otchipawo amangokulitsa chithunzi chaching'ono kuti fayilo ioneke yaikulu, nambala ya galimoto yakutsogolo n'kumaoneka ngati yofufutika. Diso la m'kati, mukalipendeketsa pang'ono cha kumanja, limagwira dalaivala, zenera lake ndi munthu amene waweramira pamenepo: yunifomu, manja, chimene walandira, ndiponso dzina kapena nambala ya pachifuwa ngati wavala ndipo kukuwala. Usiku diso limeneli limafuna timagetsi ta infrared tozungulira galasi lake. Chithunzi chimatuluka choyera ndi chakuda koma nkhope zimaoneka. Lopanda timagetsiti limajambula mdima wokhawokha.

Komabe pa rodibuloko chimene chimagwira ntchito kwambiri ndi mawu. Mtsutso wa pamsewu sukhala woti wapolisi anali wamtali kapena wamfupi. Umakhala woti anatchula mlandu uti, anati ndalama zingati, anati lisiti ilipo kapena ayi, ndipo ndani anayamba kukweza mawu. Maikolofoni a makamerawa ndi apakatikati. Amamva bwino dalaivala, koma munthu wa panja amamumva pokhapokha zenera litatsitsidwa lonse, wailesi yazimitsidwa ndi fani ya mpweya yaima. Ambiri ali ndi batani lozimitsira mawu limene limakhudzika mwangozi popukuta galasi, ndipo chizindikiro chake pasikirini n'kamaikolofoni kodulidwa ndi mzere, kakang'ono kosaoneka msanga. Yesani musanafune umboni: imikani galimoto, injini ili kulira, mnzanu aime pazenera alankhule monga mwa masiku onse, inu mukamvetsere fayiloyo pa kompyuta kapena pafoni.

Vuto lalikulu ndi magetsi. M'magalimoto ambiri a Toyota ndi ena otero, soketi ya laita imafa mukangotembenuza kiyi. Wapolisi akati, "Zimitsani injini, bwana," kapena akati mutuluke, kamera imatseka fayilo n'kugona. Zonse zofunika zimachitika itagona kale. Njira yaulere ndi kusiya kiyi pa ACC, pamene injini yazima koma wailesi ndi soketi zili ndi moto, m'malo moizimitsiratu, koma izi zimatha ngati kiyi yachotsedwa. Njira yodalirika ndi hardwire kit, chingwe cholowa mu bokosi la mafyuzi. Chabwino chimakhala ndi mawaya atatu: lina ku fyuzi yokhala ndi moto nthawi zonse, lina ku fyuzi ya ACC, lachitatu ku bauti ya chitsulo cha galimoto. Chikhale ndi chodulira magetsi batire ikatsika, cha m'ma 11.8V mpaka 12V, apo ayi mudzadzuka m'mawa galimoto osalira. Wamagetsi a galimoto alumikize ndi fuse tap, osati kusenda waya n'kumanga ndi tepi, ndipo asayandikire fyuzi ya ma airbag. Akamaliza lowani mu menyu muone chimene kamera imachita injini ikazima, chifukwa ena amalowa mu parking mode yongojambula zithunzi zodumphadumpha zopanda mawu. Sankhani yojambula mosalekeza, mawu ali momwemo.

M'kati mwa kamera mumakhala batire ya lithium kapena supercapacitor. Kutentha kwa mu Okutobala, galimoto itaima padzuwa pa Cairo Road mazenera otseka, kumatupitsa batire ya lithium, ndipo ikafooka kamera imazima isanatseke fayilo yomaliza. Fayilo yomalizayo ndiyo mumaifuna, koma mukaitsegula imakana. Supercapacitor imasunga moto wa masekondi ochepa okha, ongokwanira kutseka fayilo, koma imapirira kutentha. Mwa makamera a mayina odziwika, VIOFO A129 Duo IR ndi chitsanzo cha mtundu umenewu: maso awiri a 1080p, la m'kati lili ndi infrared, ndi supercapacitor. Za m'mabokosi opanda dzina, funsani wogulitsa. Akayamba kukutamandirani kuti imajambula nthawi yaitali osailumikiza, dziwani kuti ndi ya batire.

Memori khadi ndi imene imagwetsa anthu ambiri, ndipo ndi pamene amafuna kupulumutsira ndalama. Diso limodzi la 1080p limadya pafupifupi 100MB pa mphindi, kutanthauza cha m'ma 6GB pa ola. Maso awiri amadya kawiri. Khadi ya 64GB ndiye imasunga maola 5 kapena 6, kenako loop recording imayamba kufufuta zakale kuti ilembe zatsopano. Wa Yango woyamba ntchito 5 koloko m'mawa, pofika masana zam'mawa zapita. Ngati zachitika pamsewu, dinani batani lotsekera fayilo nthawi yomweyo, ndipo dziwani kuti limateteza kachidutswa kamodzi kapena kuphatikizapo toyandikana nako, osati nkhani yonse ya mphindi 20. Ikani zidutswa pa mphindi 3. Za mphindi 1 zimachuluka n'kusokoneza, za mphindi 10 ikawonongeka imodzi mwataya zambiri. Chanzeru ndi kukhala ndi khadi yachiwiri m'galimoto: mukachoka pamalopo, imani poyenera, zimitsani kamera, sinthani khadi.

Gulani khadi yolembedwa kuti ndi ya endurance, monga SanDisk High Endurance kapena Samsung PRO Endurance, chifukwa khadi wamba ya foni siinapangidwire kulembedwa ndi kufufutidwa tsiku lonse. Makhadi abodza aliponso ambiri: pamwamba 128GB, m'kati mwake mochepa kwambiri, ndipo kamera imaonetsa ngati ikujambula pamene mafayilo akutuluka opanda kanthu. Pulogalamu yaulere ya H2testw pa Windows imadzaza khadi yonse n'kuiwerenganso, bodza limaonekera pomwepo. Fomatani khadi m'kamera momwemo, osati pa kompyuta, ndipo muzibwereza kamodzi pamwezi mutakopera zofunika. G-sensor, kachipangizo ka m'kamera komva kugunda n'kutsekera fayilo, itsitseni. Ndi maenje a m'misewu ya m'makomboni monga Kanyama ndi Chawama nthawi ya mvula, kamera imayesa bampu iliyonse ngati ngozi, n'kutsekera mafayilo mpaka khadi kudzaza, kujambula n'kuima osakuuzani.

Tsiku ndi nthawi zikhale zoona. Kamera yopanda GPS imakonda kubwerera ku tsiku la kufakitale ikakhala nthawi yaitali yopanda moto, ndipo vidiyo yolembedwa chaka cholakwika imapatsa wotsutsa poyambira. Ya GPS imadzikonza yokha mukaika GMT+2, komanso imalemba malo. Imalembanso liwiro lanu, ndiye ngati mumathamanga, mboni mwaikweza nokha m'galimoto.

Tsopano za lamulo, chifukwa kamera yabwino m'manja mwa munthu wosadziwa poima imangomuonjezera mlandu.

Ndime 20 ya malamulo oyendetsera dziko la Zambia imapereka ufulu wokhala ndi maganizo, wolandira nkhani ndi wozipereka kwa ena popanda kusokonezedwa. Simutchulidwa kamera m'ndimeyi, koma ufulu wojambula ndi wodzudzula wantchito wa boma ali pantchito poyera ukuchokera pamenepo, ndipo mu Penal Code, buku la milandu ndi zilango zake, mulibe mlandu wotchedwa kujambula wapolisi. Ndime yomweyo imalola malamulo ochepetsa ufuluwu pa zifukwa za chitetezo cha dziko, bata, ndi kuteteza mbiri ya anthu ena. Munthu wojambula akamangidwa, mlandu wolembedwa m'buku umachokera kwina. Ndime 250 ya Penal Code imakamba za kumenya, kukaniza kapena kutsekereza dala wapolisi pa ntchito yake, ndipo chilango chake chimafika zaka 5. Ndime 179 ndi ya mawu achipongwe. Palinso uja wodziwika wa khalidwe lotha kusokoneza bata. Apa ndi pamene kamera yomata pagalasi imaposa foni. Foni muyenera kuinyamula, kuiloza kumaso kwa munthu, mwina kutuluka nayo n'kumamutsatira, ndipo n'zosavuta kuti anene kuti mumamutsekereza. Mukaigwira galimoto ikuyenda, ndi mlandu kale wa pamsewu. Kamera ya pagalasi siloza munthu, manja anu ali pachiwongolero, ndipo inayamba kujambula musanaimitsidwe.

Mu Epulo 2025 kunabwera Cyber Security Act ndi Cyber Crimes Act, m'malo mwa lamulo la 2021. Mu Cyber Crimes Act muli ndime yoletsa kujambula mawu a zokambirana zapadera za anthu popanda kuwadziwitsa. Loya akhoza kutsutsa kuti wapolisi wa yunifomu akufunsa laisensi pamsewu sakukamba zamseri, koma bwanji kudikira kukapambana mtsutsowo kukhoti pamene chiganizo chimodzi chikwanira? Mukatsitsa zenera, perekani moni, kenako nenani mofatsa:

"Muli bwanji, bwana? Ndingokudziwitsani kuti m'galimoto muno muli kamera, imajambula zithunzi ndi mawu nthawi zonse."

Basi. Osaonjezera zoti muona, osatchula Facebook. Mawu amenewo alowa mu vidiyo, ndipo ndiwo umboni woti munadziwitsa. Kwa apaulendo nkhaniyi ndi yolemera kwambiri, chifukwa zimene mayi akukamba pafoni pampando wakumbuyo ndi zake zenizeni. Wa teksi amate chikwangwani chooneka m'kati, m'Chingerezi ndi m'Chinyanja, ndipo asamatumizire anzake mavidiyo a makasitomala kuti aseke. Data Protection Act ya 2021 iliponso pa nkhope ndi mawu a anthu.

Pali malo amene kamera imafunika kusamala nayo ngakhale pasakhale wapolisi wokuimitsani. State Security Act ndi Protected Places and Areas Act zimateteza malo ngati State House ndi makampu a asilikali. Kudutsa pa Independence Avenue monga aliyense ndi china, kuima pafupi ndi geti kamera italoza m'kati ndi chinanso. M'khoti simujambula popanda chilolezo.

Wapolisi akati muzimitse kapena mufufute, yankhani ndi ulemu kuti imajambula yokha ndipo simukufuna kufufuta, kenako funsani mlandu wanu. Ndime 17 ya malamulo oyendetsera dziko imateteza munthu ndi katundu wake kuti asasechedwe popanda chilolezo chake, kupatula pamene lamulo lalola, ndipo limodzi mwa malo amenewo ndi pamene mwamangidwa. Akatambasula dzanja kuti achotse kamera, musalimbane naye. Nenani momveka kuti simukuvomera, funsani dzina lake ndi siteshoni yake, ndipo mukafika kusiteshoni pemphani kuti kamera ndi khadi zilembedwe m'buku la katundu wa omangidwa. Kukokerana chingwe ndiko kumasandutsa nkhani ya tayala lakutha kukhala ya ndime 250. Ndime 13 ya malamulo oyendetsera dziko imati womangidwa auzidwe chifukwa chake m'chinenero chimene amamva, ndipo Criminal Procedure Code imafuna kuti wogwidwa popanda waranti aonekere kukhoti mkati mwa maola 24 ngati n'kotheka, kapena apatsidwe bondi ngati mlandu ukulola. Bondi ya polisi ndi yaulere.

Kamera imajambula inunso, ndipo wogulitsa sangakuuzeni zimenezo. Pansi pa Anti-Corruption Act ya 2012, wopereka chiphuphu ndi wolandira onse ndi olakwa. Dalaivala amene anayamba yekha kunena kuti "tingokambirana, bwana, nayi ya drinki" n'kupinda ndalama mu laisensi, vidiyo yakeyo ikamupachika iye poyamba. Komanso wapolisi akadziwa kuti akujambulidwa amatsata buku mpaka kumapeto: laisensi, road tax, fitness, inshuwalansi, matrayango, matayala, magetsi akumbuyo. Ngati china chasowa, faindi yake ndi yoona, ndipo n'kovuta kukaitcha kubwezera. Lipirani mwa njira yovomerezeka mulandire lisiti ya boma, kapena kanani mlanduwo mukaonekere kukhoti. Amene mapepala ake sali bwino ayambe wakonza mapepala, kamera idzabwera pambuyo.

Kudzudzula poyera n'kololedwa, ndipo malo ake akula poyerekeza ndi kale. Mu 2014 High Court inathetsa ndime 67 ya Penal Code, ya kufalitsa nkhani zabodza, pa mlandu wa Chipenzi ndi anzake. Mu Disembala 2022 Pulezidenti Hakainde Hichilema anasaina lamulo lochotsa ndime 69, ya kunyoza Pulezidenti. Koma mlandu woipitsa dzina la munthu pa ndime 191 udakalipo, ndipo Cyber Crimes Act ili ndi milandu ya kuzunza ndi kuchititsa munthu manyazi pa intaneti. Chokutetezani pa kuipitsa dzina ndi choti zimene mwafalitsa ndi zoona ndipo n'zothandiza anthu onse kuzidziwa. Ndiye vuto silikhala vidiyo, limakhala mawu amene mwalemba pamwamba pake. "Pa msewu wakuti, nthawi yakuti, ndinapemphedwa ndalama popanda lisiti" ndi chinthu chimene vidiyo ingachitire umboni. "Mbava iyi, ipezeni kumene ikhala" vidiyo singakuthandizeni, ndipo mukatchulapo mtundu wa munthuyo mwalowa pa ndime 70 ya Penal Code, ya kunyoza anthu chifukwa cha mtundu wawo. Musadule vidiyo kuti muchotse pamene munakalipa inu. Bisani nkhope za apaulendo ndi ana.

Ife tikuona kuti vidiyo imagwira ntchito kwambiri ikayamba yapita ku ofesi isanapite pa Facebook. Koperani khadi yonse pa kompyuta tsiku lomwelo, osasintha mayina a mafayilo, ndipo khadi yeniyeniyo muisunge mu envulopu. Wi-Fi ya makamerawa ndi yochedwa, ndipo mapulogalamu ena amakupatsani kope yochepetsedwa, choncho gwiritsani card reader. Potumiza pa WhatsApp tumizani ngati Document, chifukwa mukatumiza ngati vidiyo wamba imafinyidwa, nambala zija n'kusawerengeka. Lembani papepala mudakali kukumbukira: malo, nthawi, nambala ya galimoto ya polisi, maina amene munamva, ndi mboni zimene zinalipo. Electronic Communications and Transactions Act ya 2021 imalola umboni wa pakompyuta, koma khoti limayang'ana mmene unapangidwira ndi mmene unasungidwira, ndiye fayilo yoyambirira yosakhudzidwa ndi yolemera kuposa yotoledwa pa gulu la WhatsApp.

Kokapereka dandaulo kumadalira chimene chachitika. Za khalidwe la wapolisi, kumenyedwa kapena kusungidwa m'selo popanda chifukwa, pali Police Public Complaints Commission, yokhazikitsidwa ndi ndime 237 ya malamulo oyendetsera dziko monga anasinthidwira mu 2016. Ntchito yake ndi kulandira madandaulo, kufufuza, ndi kupereka malangizo kwa oyenera kuchitapo kanthu. Siweruza yokha ngati khoti, ndiye musapiteko mukuyembekezera kutuluka ndi chipepeso cha ndalama. Human Rights Commission imalandiranso madandaulo a kuphwanyiridwa ufulu. Za ziphuphu n'za Anti-Corruption Commission. Wofuna chipukutamisozi chifukwa chomangidwa mosayenera amasumira boma kudzera mwa Attorney General, ndipo ndime 28 imatsegula khomo la High Court kwa amene ufulu wake wa m'malamulo oyendetsera dziko waphwanyidwa. Amene sangakwanitse loya ayambire ku Legal Aid Board. Ngati mwavulazidwa, tengani fomu ya medical report ku polisi, siteshoni ina ngati mukuopa yomweyo, mukaonedwe kuchipatala mabala asanapole. Kulikonse kumene mwapita, perekani kope, khadi yoyambirira ikhale kwa inu kapena kwa loya wanu, ndipo pemphani kuti akudindireni pa kalata yanu kusonyeza kuti alandira.

Chofooka chimene makamera ambiriwa sangachithetse ndi choti zonse zili pa kakhadi kamodzi m'galimoto. Galimoto ikakokedwa kupita kusiteshoni, umboni wapita nayo. Alipo makamera a SIM khadi otumiza pa intaneti, koma ndi odula ndipo amadya mabandulo. Kwa dalaivala wamba, chotheka ndi kuuza wachibale pafoni kumene mwaimitsidwa ndi kumene akukutengerani, galimoto ili chiimire.

Musanalipire m'shopu, pemphani wogulitsa ailumikize pa kauntala, khadi imene mukugulayo ili m'kati. Ijambule mphindi ziwiri inu mukulankhula mutaima chapatali pang'ono, kenako sololani chingwe mwadzidzidzi ili pakati pojambula. Ikani khadi mu card reader mutsegule fayilo yomaliza ya maso onse awiri. Ikatseguka mpaka kumapeto, mawu akumveka, tsiku lili loona mutailumikizanso, tengani pamodzi ndi hardwire kit yake ndi lisiti yolembedwa masiku obwezera. Wogulitsa akakana kuti bokosi silitsegulidwa, pitani shopu ina, pa Kamwala alipo ambiri.